Oyilo Wodontha pa Galimoto ya Mayi

Lolemba, 9 Juni

Pepa kope langa, ndakudetsa ndi zala za oyilo tsamba loyamba lomwe. Ndinakugula kuti ndizilembamo maulendo, koma izi ndilibe womuuza.

Galimoto ya Mayi, abwana anga, ikudontha oyilo. Zaka khumi ndi zinayi ndikuwayendetsa, sinachitepo zotere. M'mawa uno madontho asanu ndi awiri pasimenti. Ndawerenga kawiri.

Mwana wawo wamkulu waimba foni, mawu ake kumveka mpaka pakhonde: "Amayi, chigalimotocho chakalamba. Ndikubwera Lamlungu. Ndikachipeza chikudonthabe tigulitsa, muzikwera takisi." Ine ndili chiimire, makiyi m'manja. Galimoto ikapita, dalaivala wa chiyani?

Ndayeza oyilo. Wochepa. Ndawonjezera pang'ono.

Lachiwiri, 10 Juni

Injini yonse ili bii, pochokera oyilo sipakuoneka. Ndaimbira amakaniko athu, a Sipanala. Akuti, "Tsukani kaye, mdala. Ine si mlosi."

Palafini, burashi, nsanza, mswachi wakale. Batire ndi mawaya ndakulunga m'mapulasitiki, ndaonanso katatu. Kupala kuyambira 8 koloko mpaka 2 koloko, padzuwa. Bwenzi ndikugwirira m'galaja, koma mwezi watha mwana wawo uja anadzazamo mipando yake ndi firiji. Chiyambire pamenepo galimoto imagona pachitunda cha pageti, mphuno m'mwamba. Beseni la palafini latsetsereka kawiri, kachiwiri latayikira pansapato.

Mayi atuluka ndi ndodo yawo. "Adalaivala, mukuisambitsa ngati mkwatibwi?" Ndaseka pakamwa pokha.

Oyilo wochepabe. Ndawonjezera.

Lachitatu, 11 Juni

Katoni imene ndinayala pansi dzulo: madontho khumi ndi limodzi. Akuchuluka!

A Sipanala akuti ndiwaze pawuda painjini, oyilo asiya mzere. Ndatenga wa mdzukulu. Akunyumba andigwira pakhomo: "Bambo, mwana atuluke nsungu chifukwa cha galimoto ya eni ake?" Ndalonjeza kubweza wina.

Ndawaza, ndaliza injini mphindi khumi. Mizere yakuda itatu. Wina pachivundikiro pamwamba, wina pafupi ndi fyuluta, wina kumbuyo kumene dzanja silifika. Ndimafuna malo amodzi, ndapeza atatu. Ndamanga mabawuti onse amene sipanala yanga yafikira.

Popita ndi Mayi kuchipatala, utsi kumbuyo. Mwina sanaone.

Ndawonjezeranso.

Lachinayi, 12 Juni

Madontho khumi ndi anayi. Chakudya sichikulowa.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapita nayo kwa a Sipanala. Pamalo awo mpathyathyathya. Asolola kachitsulo koyezera oyilo, apukuta, alowetsa, asololanso. Kenaka andiyang'ana. Oyilo wadutsa mzere wapamwamba ndi zala zitatu.

"Ndani akuthira oyiloyu?"

"Ine. M'mawa uliwonse." Ndawaonetsa kakhadi kamene ndimasunga m'galimoto, masiku onse olembedwa bwinobwino kuyambira pa 12 Meyi.

"Mumayezera pati?"

"Pageti."

"Pachitunda paja?"

Aseka mpaka kukhala patayala. Akuti galimoto ikaima chopendekeka oyilo amathawira kumbuyo, kachitsuloko kamanama kuti ndi wochepa. Ine nkumathira. Mwezi wathunthu! "Mdala, mwaidyetsa mpaka ikusanza. Dalaivala waulesi sakanaiwononga chonchi."

Akhetsa malita pafupifupi awiri. Malo odontha apamwambawo akuti asiya okha. Koma labala wotseka oyilo kumbuyo kwa injini waphulika ndi kuchuluka kwa oyilo, ndipo kuti asinthe mpofunika kutsitsa giyabokosi. Sangayambe popanda mawu a mwini galimoto. Injini yeniyeniyo akuti ili ndi moyo, ingayende zaka zina zisanu.

Atandiona nkhope asiya kuseka. "Ingowauzani kuti labala wakalamba. Ine ndivomereza. Adziwa ndani?"

Njira yonse yobwerera ndakhala ndikuzitembenuza. Ndikati yakalamba, ndanena mawu a mwana wawo omwe aja, Lamlungu igulitsidwa. Ndikati ndine, galimoto itsala. Koma woiyendetsa angakhale wina.

Pakamwa sindingathe, Mayi akandiyang'ana ndimachita chibwibwi. Ndang'amba tsamba. Kawiri ndalemba nkufufuta, kachitatu ndakopera bwino, ndaika patebulo lawo pamodzi ndi makiyi. Ndalemba motere:

"Mayi, galimoto sinakalambe. Ndine ndinadzaza oyilo mopitirira chifukwa choyezera pachitunda, labala nkuphulika. Amakaniko akuti ikonzeka mukalola. Chonde musaigulitse chifukwa cha kulakwa kwanga. Ngati makiyiwa ndidzawatengenso kapena ayi, mundiuze ndinu lisanafike Lamlungu. Sindikufuna kudzamva kwa mwana wanu."