Kuwala kwa Buluu pa Mkono wa Atate

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Nafika ku Nkomeshya masana, fumbi lokhalokha. Atate nawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango. Sitiroko yawatengera mbali yonse ya kumanja, ndi mawu omwe. Ananizindikira. Pakamwa panagwedera, osatuluka kanthu.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ine ndi amayi tawasambitsa atate. Apepuka zedi, munthu amene ankanyamula thumba la chimanga yekha.

Abson, mlongo wanga, akuti: "Dyness, iwe si ndiwe wamitsempha? Chitapo kanthu." Namuuza kuti sindine dokotala, nimaphunzira tinyongolotsi ku yunivesite ku Germany. Anaseka moipa n'kupita kumunda.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Amayi anifunsa chomwe nimachita kwenikweni kumeneko. Nawaonetsa vidiyo pafoni. Tinyongolotsi tam'dothi, tochepa ngati kaulusi, toonekera mkati. Timatisintha kuti maselo ena a mitsempha yake azimva kuwala. Ukawalitsa buluu, selo limadzuka, limauza linzake, kanyongolotsi n'kubwerera m'mbuyo. Ndi mmene timaonera kuti uthenga umadutsa kuti.

Anaonera kangapo. Kenako: "Ndiye kamayenda chifukwa cha nyali?" Ine eee. Ninasangalala kuti amvetsa.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Pochokera kuchigayo napeza amayi atagwada pafupi ndi atate. Akulunga tochi ndi pulasitiki yabuluu ya buledi, akuyendetsa kuwala pa mkono wakufa uja, kuyambira paphewa mpaka kuzala. Atate maso ali pa mkonowo, akudikira.

Ninaima pakhomo. Kenako ninawauza kuti sizingatheke, munthu si kanyongolotsi, komanso vuto lili muubongo. Ninalankhula monga nili mu labu ya ku yunivesite. Atate anamva zonse.

Amayi anazimitsa tochi. "Nanga zaka zonsezi unapitira chani?"

Loweruka, 10 Ogasiti

Amayi sanilankhula. Chakudya angoniikira patebulo.

Lolemba, 12 Ogasiti

Chipatala cha ku Lusaka. Wophunzitsa odwala kuyenda akuti mwendo mwina ungachire, koma mawu tisayembekezere kwambiri. Mu minibasi atate anagona paphewa langa, malovu akutsikira pa juzi. Sinapukute.

Uthenga wochokera kwa aprofesa anga a ku Germany: akumvetsa, koma nikapanda kubwerera sabata ino chilolezo changa chokhalira kumeneko chivuta, ndipo ntchito yonse iima. Tikiti ndi ya Lachinayi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Nawameta atate ndevu. Nawauza kuti mawa nipita. Anatembenukira kukhoma.

Abson akuti pita chabe, tazolowera.

Lachinayi, 15 Ogasiti, pa eyapoti

Ba Ezra anabwera ndi takisi yawo m'mawa. Ninagwada kutsanzika atate, iwo n'kugwira lamba wa chikwama changa ndi dzanja lamanzere. Mwamphamvu. Ninakoka pang'ono, osasiya. Ba Ezra analiza hutala kunja. Mumtima ninali nitagonja kale, ninafuna kuuza Ba Ezra kuti abwerere okha.

Amayi anatuluka kuchipinda, n'kugwada pambali panga. Anayamba kumasula zala za atate, chimodzichimodzi.

"Bambo ake Abson, musiyeni mwana. Ninu munamuperekeza kusukulu panjinga."

Anakoleka chikwama paphewa langa okha, n'kunikonza kolala osaniyang'ana kumaso.

"Ukafika utume uthenga."

Aitana ndege yathu.