Kachilombo kameta ndevu

Lolemba, 3 Malichi
Zotsatira za magazi zatuluka, sizili bwino. Zaka zonsezi thupi langa lakhala likupondereza lokha kachilombo ka HIV, mankhwala ndinkawakana, mpaka kuchipatala anandipatsa dzina loti Chitsulo. Lero adokotala akuti kachulukana. Ndabwerera kushopu, ndameta anthu awiri. Wachiwiriyo ndamucheka pakhutu.

Lachiwiri, 4 Malichi
Mayi a ana sindinawauze. Ndiyambira pati? Iwo amamwa ma ARV m'mawa uliwonse, ine n'kumawaseka kuti kadzutsa wawo ndi wa m'botolo. Pakamwa pangapa!

Lachinayi, 6 Malichi
Ndinapitanso kuchipatala kukakangana, ndati makina anu anama. Adokotala sanakwiye. Akuti, "Bambo, asilikali a m'thupi mwanu ankakazindikira kachilomboka ndi kachizindikiro kena. Koma kakamachulukana kamasintha pang'onopang'ono. Mwina pasintha pomwepo, ndiye akungokadutsa osakadziwa."

Ndafunsa ngati asilikaliwo afooka. Akuti ayi, akusakabe nkhope yakale.

Mankhwala ndalandira. Ali m'kabati ya kushopu, kuseri kwa matawulo.

Loweruka, 8 Malichi
Kunabwera dalaivala wina wa ndevu zofika pachifuwa, akuti zonse zichoke, wapeza ntchito ya muofesi. Nditamaliza, kamwana kake kamene kanakhala pabenchi kanamuyang'ana n'kuyamba kukuwa, kukana kunyamulidwa. Iye akuti, "Iwe, ndine adadi ako!" Kamwana osamva. Shopu yonse kufa nazo kuseka.

Ine ndinatuluka kukaima kuseri. Ndiye zimenezi zikuchitika m'magazi mwangamu? Ndili ndi mantha, kunena zoona. Wamng'ono wathu sanayambe n'komwe sukulu.

Lamlungu, 9 Malichi
Botolo ndabwera nalo kunyumba m'thumba la jekete. Silinatsegulidwebe.

Lolemba, 10 Malichi
M'mawa mayi a ana ananyamula jekete kuti asite, botolo n'kulira. Phokoso limenelo amalidziwa kuposa wina aliyense.

"Bambo a ana, chikulira m'thumbamu n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, za asilikali, za nkhope yakale, maso ali pansi. Ndimayembekezera kuti andibwezera mawu anga aja, ndipo akanalakwa chiyani? Koma iwo anangosuntha botolo lawo pawindo, naika langa pambali pake.

"Lizikhala apa. Kushopu mudzaiwala."

Anathira madzi m'makapu awiri. Chotsekera chinandikanika, manja thukuta lokhalokha. Ananditsegulira ndi iwo.