Chala Chachikulu cha Bambo

Lolemba, 3 Marichi

Bambo apita kukachotsedwa ng'ala m'maso. Akatuluka m'chipatala akakhala kaye kwa mlongo wanga. Potsazika anditembenukira: "Iwe Manjalende, makina anga usawayandikire. Ukasowa chochita, tsuka mawindo." Zimenezi pamaso pa mkazi wanga, ine munthu wa imvi m'ndevu!

Galimoto itangokhota ndalowa m'galaja, ndavundukula lona. Makina awo osemera zitsulo ali phee, akuda bii ndi girizi, dzimbiri kumiyendo. Ndi akale kuposa ine. Ntchito yomweyi ndinaiphunzira kusukulu mpaka kumaliza, koma pakhomo pano ndine wopatsira sipanala basi.

Mwini wake kulibe. Tione.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ndamasula zonse. Mabawuti m'zitini, magiya m'beseni la parafini. Lamba anatheratu, Bambo anachita kumusoka ndi waya. Amayi asuzumira pakhomo, manja m'chiuno. "Mwana iwe, ukuputa mavu." Ndati ndikungowatsukira, akabwera apeze mphatso. Apita akupukusa mutu.

Lachinayi, 6 Marichi

Lero ndapeza chinthu.

Ngolo yonyamula mpeni imayenda pa njanji ziwiri. Ndagoneka chitsulo chowongoka pa njanjizo, ndaona kuwala kukudutsa pansi pake, cha kufupi ndi mano opana chitsulo chosemedwa. Panadyeka. Ngolo ikafika pamenepo imatsika, mpeni sudya mokwanira, ndiye chitsulo chiyenera kutuluka chonenepa mbali imodzi. Koma cha Bambo chimatuluka chowongoka nthawi zonse, mpaka anthu kumati ali ndi mankhwala.

Ndakhala pa ndowa kuganiza, kenako ndaseka ndekha. Chala! Kuyambira ndili mwana ndimaona chala chawo chachikulu chikukankha kagudumu ka mpeni pang'ono zedi ngolo ikayandikira kumano. Ndinawafunsapo, anati ndisawasokose, iwo sakankha kanthu. Ndipo sankanama. Makina ankadyeka pang'onopang'ono, chala nkumazolowera chokha, mwini wake osadziwa.

Nanga njanji zikawongoka, chalacho chidzauzidwa ndi ndani?

Loweruka, 8 Marichi

Kupala njanji. Ndimapaka utoto wabuluu pa chitsulo chowongoka, ndikuchikhuza pa njanji, pamene pagwira buluu ndiye potukuka, ndipala pomwepo. Kenako kubwereza. Msana ukuwawa, m'manja matuza okhaokha, koma sindinagwirepo ntchito yokoma chonchi.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mkazi wanga wabwera ndi madzi akumwa, ndamufotokozera za chala. Sanaseke. "Ndiye mudzawauza?" Ndati ndidzawauza. Wandiyang'ana nthawi yaitali, watenga kapu yake nkutuluka.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndamanga zonse, lamba watsopano. Ndayatsa. Phokoso lija la ngati chifuwa cha nkhalamba latha, akungoti nguuu. Ndasema kachitsulo koyesera, ndayeza uku ndi uku, chimodzimodzi ndendende. Ndavina ndekha m'galaja ngati wamisala.

Ndapenta wobiriwira. Pa njanji ndathira oyilo wakuda wolemera kuti zipsera za kupala zisaoneke.

Loweruka, 15 Marichi

Bambo afika ndi mlongo wanga, atavala magalasi akuda, owonda, ndodo m'manja. Asanakhale pansi alunjika ku galaja. Ayima chilili.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndangotsuka ndi kupenta, Bambo. Ndi lamba."

Agwira utoto, anunkhiza chala. "Mtundu wa chimbudzi cha pa depoti. Ena ankapempha nzeru, iwe unapempha bulashi." Mlongo wanga waseka mpaka kugwira khoma.

Ndinali pafupi kuwauza, Mulungu akudziwa. Nditamva za bulashi ndameza mawu anga.

Lamlungu, 16 Marichi

Ndaimbira foni mkulu wina wa chigayo amene wakhala akufuna shafiti yatsopano, munthu wolongolola ngati wailesi. Ndati amisiri abwera, bweretsani shafiti ija mawa.

Lolemba, 17 Marichi

Wa chigayo wabwera ndi anzake awiri. Bambo avala ovololo, andikankha ndi chigongono: "Choka, ukunditchinga." Ayatsa. Ine maso ali pa chala. Ngolo yayandikira kumano, chala chakankha monga mwa masiku onse.

Wa chigayo walowetsa beringi pa shafitiyo. Khwekhwerere, yangodutsa, ikugwedera, mpeni wadya mopyola. Bambo ati chitsulo chake nchofewa, amanga china. Chimodzimodzi. Thukuta layamba kudontha pansi pa magalasi.

"Madala, mwina maso sanapole," watero wa chigayo. "Mwanayu sangatithandize?"

Bambo angosuntha. Ndamanga chitsulo chachitatu, ndasema osathamanga, beringi yalowa gwa, yochita kumenya ndi hamala yamtengo. Anthu aja kuwomba m'manja. "Fisi akakalamba amasekedwa ndi mbuzi," wina wanong'ona potuluka, ndipo Bambo amva.

Ndisaname, zinandikomera. Zinandikomera kwambiri.

Lachiwiri, 18 Marichi

Bambo sanadye. Kuyambira m'mawa ali m'galaja okha, chitseko chotseka. Ndikumva makina akulira, kuleka, chitsulo kugwa pansi, kuliranso. Masana andiitana, osati Manjalende, angoti "bwera". Andiuza ndiseme iwo akuyang'ana. Ayeza changa, ayeza chawo, ayezanso changa.

"Makina alibe mlandu," atero.

Amayi akumana nane pa mpopi. "Unawachita chiyani bambo ako?" Ndati ndinangopenta. Mkazi wanga sakundilankhula.

Lachitatu, 19 Marichi

Bambo ndawapeza m'galaja atakhala pa ndowa, atavala malaya oyera, ovololo ataipinda bwinobwino pamwamba pa makina. Magalasi anavula. Maso ali mbee, akuona bwino kuposa ine.

"Adokotala akuti maso anachira," atero. "Ndiye si maso."



"Ndimati ndigwirebe zaka zingapo. Koma ngati ndi manja, ndisawonongere anthu zitsulo zawo." Atambasula manja onse awiri kwa ine, zikhatho pansi. Chibadwire sanandipemphepo kanthu. "Tandigwira, mwanawe. Ine sindikumva kanthu. Undiuze zoona, akunjenjemera?"

Ndawagwira. Ofunda, olemera, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Chala chachikulu chija chili pa dzanja langa.

Pakhomo panali mkazi wanga, akundiyang'ana.

"Akunjenjemera, Bambo," ndatero. "Pang'ono."

Agwedeza mutu, atola ndodo yawo, afunsa mkazi wanga ngati angadutse.