Laputopu ya malemu Goodwell

Lolemba, 9 Juni

Alamu a Overtoun atulukira ndi pulinta yakalekale m'thumba la fetereza. Ati tisindikize tokha ndondomeko ya mwambo wovundukula chiliza cha mng'ono wawo, mwamuna wanga Goodwell. Ayamba kulowetsa dalaiva, kapulogalamu koyendetsa pulintayo, mu laputopu ya malemu. Kaima pakati. Iwo n'kuithimitsa mokakamiza. Tsopano sikirini yabuluu basi, ikungozima n'kuyaka yokha. "Osadandaula mlamu, makompyuta ndi munda wanga." Munthu wotayipa ndi chala chimodzi, lilime lili panja!

Lachiwiri, 10 Juni

Mavidiyo onse a Goodwell ali m'menemo. Kwina kulibe. Akuimba kwaya, akuseka, akunyamula Lusungu ali khanda. Mwanayu mawu a bambo ake amawadziwira pamenepa. Lero wandifunsa chifukwa chake adadi sakuyaka.

Katswiri uja akuti vuto ndi kuzizira kwa Mzuzu. Aiyanika pakhonde ngati chinangwa. Mkulu wa banja sayankhidwa, makamaka ndi mkamwana wochokera ku Dowa.

Lachitatu, 11 Juni

Mawawa tsiku lonse. Fyness wa ku ofesi waseka mpaka misozi. Ati nkhani yaing'ono: kuyatsa mu seifi modi, njira yoyatsira kompyuta yodwala, kuchotsa dalaiva wolumalayo, palibe chotayika. Ndipite nayo Lachisanu akabwerako ku maliro. "Koma asaigwirenso munthu." Mtima pansi.

Ndaibisa pansi pa mabulangete. Alamu ndawauza mwaulemu kuti ikonzedwa. Ayankha kuti akazi a m'maofesi amangodziwa kusewera makadi pakompyuta. Chitsiru chovala tayi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndabwera kuchokera ku ntchito, alamu ali pampando wa Goodwell, mwendo pamwamba pa unzake, mano onse panja. Laputopu ili patebulo, yoyaka bwinobwino. Analowa kuchipinda kwanga. Anapita nayo kwa mnzawo ku Ching'ambo.

"Taifomata, mlamu. Yayera ngati ya m'sitolo. Zinyalala zonse zapita."

Ndatsegula paliponse. Mbee. Chatsala ndi chithunzi cha phiri la kwa eni, chobwera ndi kompyuta yatsopano.

Apongozi anali pomwepo, akundiyang'ana, kudikira. Ndinagwada. Ndinathokoza m'Chitumbuka chawo: yewo chomene.

Pulinta ikugwira ntchito. Yatulutsa dzina la Goodwell bwino lomwe. Lusungu wakokera kampando kake patsogolo pa sikirini, akudikira kuti ndimuyatsire.