Mchere wa Azakhali

Lachiwiri, 9 Febuluwale 1993

Kolera yafika ku Kasenengwa. Yagwira azakhali Felesita, omwe aja amene anaimirira pamaliro a atate n'kunena kuti amayi anawatsempha, ati anathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Zaka zitatu osaponda pakhomo pathu. Lero Andireya, mwana wao, wabwera: "Olipa, iwe unaphunzira." Ndaphunzira lero?

Lachitatu, 10 Febuluwale

Ndapita. Azakhali maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera. Ndowa yadzaza zonga madzi otsukira mpunga. Mtsinje wasefukira, ngolo singaoloke kupita ku chipatala.

Andireya anawamana madzi, ati akamwa m'mimba mumatseguka kwambiri. Chitsiru cha ndevu.

Ndafukula kope langa la Bayoloje. Aphunzitsi athu a Sakala ankati tizilombo ta kolera timapopa mchere kudutsa pakakhungu kake, ndiye mphamvu imene timasambirira. Poizoni wake amatsegula tizitseko ta m'matumbo: mchere panja, madzi pambuyo pake. Khomo limodzi lokha siliwonongeka, la shuga. Shuga polowa amakoka mchere, mchere n'kukoka madzi. Lita ya madzi owiritsa, timasupuni sikisi ta shuga, theka la kasupuni ka mchere.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Tsoka lake, ndili kumwezi. Ndimati ndibise, koma azakhali anandifunsa ndili ndi mchere m'manja, ndipo pakamwa panga paja. Ndinati inde. Anatembenukira kukhoma: "Mufuna mundimalize ngati mlongo wanga."

Mchere wothira Andireya akuukananso, ati wokwatira ngotentha. Akumwa madzi a shuga okhaokha. Osakodza chiyambire dzulo. Mawu asanduka a mphaka.

Ndinawauza kuti afe ndi mwambo wao. Kuseri kwa nkhokwe ndinalira. Ndi mkwiyo, osati chisoni.

Loweruka, 13 Febuluwale

Dzulo amayi anabwera okha, osaitanidwa. Anakhala pakhomo, osalowa. "Alamu, ine ndinaleka kusamba, mwamuna ndilibe. Dzanja lozizira pamudzi pano ndi langa."

Kenaka azakhali, chapansipansi: "Thirani."

Amayi anathira. Ine ndinayeza, ndinatakasa. Kapu ndi kapu, tsiku lonse. Anasanza kawiri, tinayambiranso.

Pepani azakhali sananene. Amayi ati kumwa kuja ndiye pepani wake. Kwa ine ayi, ndikumudikirabe, ndipo anene pa anthu monga ananenera zija.

M'mawa uno akodza. Ndinathamanga kukauza amayi ngati ndakhoza mayeso.