Mabokosi a Ana ndi Tepi Yanga

Amayi okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutitsani? Achemwali anandiuza kuti mukukanabe ndodo poopa kuoneka okalamba. Igwireni ndodoyo amayi, ukalamba si mlandu. Ife kuno tili moyo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanangoyamba kulira nkhani ndisanaifike.

Mukudziwa kuti pashopu panga chimene chimatidyetsa ndi mabokosi a maliro. Mipando ndi mabedi anthu amangofunsa mtengo n'kumapita. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuipempherera. Anzanga pa Misa amapempha kuti malonda awo ayende, ine ndimangoti Ambuye mukudziwa nokha, poti anga akayenda ndiye kuti kwinakwake anthu akulira. Kuti mtima uzikhalako pansi, ndinalonjeza kwa Mulungu kuti bokosi la mwana sindidzagulitsa. Ndimawakhomeratu ndi zidutswa za matabwa ntchito ikachepa, n'kuwasanja pashelefu kuseri. Mpongozi wanu wakhala akunena kuti ndizilipiritsako ngakhale ya misomali yokha, chifukwa lendi sidziwa malonjezo. Ine ndinkangomuseka.

Moyang'anizana ndi shopu pali bambo wokonza njinga. Mwana wake wamkazi ankasewera mu utuchi ndi mdzukulu wanu Kanjiwa. Awiriwa sankatha kukangana kuti wamtali ndani, ndiye ndinkawaimika pachitseko, kuwayeza ndi tepi, n'kulemba ndi pensulo pafelemu. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka nafe.

Mwezi watha mwana wa wokonza njingayo anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira kuchipatala. Nditamva kulira kutsidya kwa msewu sindinadikire kuti bambo ake adzapemphe. Ndinaona kuti kumupemphetsa munthu wosauka pa tsiku lotere n'kumuvula. Ndinatsitsa bokosi limodzi, kulipukuta fumbi, n'kuwoloka nalo msewu thupi lisanafike n'komwe. Ndipo linamukwana ndendende.

Maliro asanathe, manong'onong'o anali atayamba kale. Akuti kalipentala anadziwiratu, anamuyeza mwanayo akadali moyo. Ena akuti mabokosi aulerewo ndi nyambo, ndiye chinsinsi cha chuma changa. Chuma chake chiti amayi, poti nsapato ndikuyendera zomwe zija munaziona?

Panopa ana akandiona tepi ili m'khosi amathawa. Wina anaponya mwala n'kuswa zenera dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene akuti anaona. Mmisiri wanga mmodzi wasiya ntchito, akuti mkazi wake wamuletsa. Ogula akulambalala kupita kwina. Bambo wa mwana womwalira uja sanandinene kanthu, koma moni wanga sayankhanso, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa mwala uja. Mwini nyumba anabwera dzana kudzandiuza kuti safuna kudzaona nyumba yake ikuyaka, ndichotse timabokosito kapena ndichoke ine.

Mpongozi wanu akuti chifundo chinaphetsa nkhwali. Maganizo ake ndi akuti ndimate mtengo pa bokosi lililonse, wokwera ndithu, anthu aone kuti ndine wamalonda wamba wokonda ndalama ngati wina aliyense. Mwina akunena zoona, munthu waumbombo samuponya miyala. Nditapita kwa bambo mfumu, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti mabokosiwo ndikhoza kukawasunga kuparishi, iwo azipereka okha osatchula dzina langa. Koma ndiwanyamula bwanji mumsewu uno anthu akuona? Ndikagulitsa ndaphwanya lonjezo, ndipo sindikudziwa kuti ndidzapita bwanji kukalandira Ukaristia. Ndikapitiriza, ndikuopa moto. Ndili ndi mantha amayi, sindikubisirani.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi Kanjiwa. Kusukulu anzake sakufunanso kukhala naye pafupi. Dzulo ndinamupeza pachitseko akufufuta mzere wake wa pensulo ndi chala chonyowetsa ndi malovu. Atandiona anandifunsa chapansipansi kuti, "Ababa, inenso munandiyeza. Langa ndi liti pashelefupo?"

Ndinangomunyamula. Mwana wanga yemwe wayamba kundiopa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwatume achemwali abwere adzamutenge sabata ino, akhale ndi inu mpaka mphepoyi idutse. Za ulendo ndikonza ine. Musamufunse zambiri akafika, ndipo abale akafunsa mungoti wabwera kudzacheza kwa agogo ake. Ine ndi amayi ake titsala kuno, poti tikathawa tonse ndiye kuti tavomera mlandu umene sitinapalamule. Za shopu ndidzakuuzani zikadziwika, kaya itsala kaya ayi.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa achemwali ndi alamu anga, ndi kwa mng'ono wanga ndi ana ake onse. Mpongozi wanu akupereka moni wambiri, ngakhale masiku ano tikuyankhulana mochepa. Mukamachita kolona muzinditchula dzina amayi, chifukwa ine ndikagwada mawu sakutuluka.

Tsalani mumtendere wa Ambuye.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Kalipentala