Jekete la Thumba Kumanja

Lolemba, 4 Ogasiti
Lamba wa makina wadukanso. Ndalumikiza ndi waya. Masana kwabwera mwana wanga wamkulu, patatha miyezi osaponda pano. Ndevu zayamba imvi, koma amaima pakhomo la shopu ya bambo ake ngati mlendo. Akuti iye ndi anzake akupanga filimu yaifupi. Nkhani yake: bambo wolemekezeka amene amagwirira anyamata. Ndaseka. Mwamuna kugwiriridwa, alibe manja? Iye sanaseke. Akufuna ndisoke jekete la munthu woipayo. "Palibe telala wina angalithe, bambo." Pokhapo wanena zoona.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Wabweretsa nsalu. Yakhofi, yokhuthala. Mabatani achikopa, zigamba m'zigongono. Thumba lamkati lakuya, loti mulowe paketi ya mabisiketi, ndipo likhale kumanja. Ndamuuza kuti thumba lamkati limakhala kumanzere, dziko lonse likudziwa. Sukulu sindinaione ine, koma pa nsalu sandiphunzitsa munthu. "Likhale kumanja, bambo."

Ndadula. Thumba lakumanja ndinasokapo kamodzi kokha moyo wanga wonse. Linali la Manzere.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Manzere wabwera kudzasewera dirafuti monga mwa masiku onse. Makaniko, mnzanga kuyambira tili anyamata. Galimoto yake ndiyo inanyamula maliro a mayi a ana, osalipiritsa. Waona jekete pa hang'ala. Dzanja lake lamanzere lalowa m'thumba muja osayang'ana n'komwe. "Achimwene, mwandisokera lina? Langa lija linatha ndi njenjete." Wafunsa mwini wake. Ndati kasitomala wina wodutsa. Wandidya masewero onse.

Bodza limeneli ndanameranji, sindikudziwa.

Loweruka, 9 Ogasiti
Majekete akhofi ndi ambiri. Amanzere nawonso ndi ambiri m'dziko.

Mwanayu ndinamupereka ndekha kugalaja ya Manzere asanamere ndevu, kuti aphunzire ntchito ya manja. Ankagona komweko, kuseri kwa sitolo ya matayala. Ankathawathawa, ine n'kumamubweza, nthawi zina ndi mbama. Mtengo amawongola uli waung'ono. Lero ali ndi banja, amadya thukuta lake. Ndani anamuwongola?

Malaya a sukulu a mwana wa mayi wogulitsa makala sanathe. Kolala ndasoka, ndaphwasula, ndasokanso.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Ndakapereka jekete kumene akujambula. Kachipinda ka malata, matayala akale, wailesi pa shelefu. Fungo la oyilo, ati anathira dala. Wosewera walivala, lamukhala bwino, mapewa ndendende. Palibe chonyansa chimene akuonetsa. Munthuyo amangotulutsa bisiketi, n'kukweza wailesi, n'kutseka chitseko. Basi. Abwereza zimenezo mpaka ine kutopa.

Kenako mwana wanga wauza wosewerayo kuti, "Musamwetulire. Sankamwetulira. Ankaimba mluzu." Mtsikana wa kamera wayang'ana pansi. 

Sanati aziimba. Wati ankaimba.

Ndabwerera wapansi. Bondo langa la nyamakazili lavutanso.

Lachinayi, 14 Ogasiti
Mwana wanga ndinamuitanitsa, wabwera. Ndamuuza za dzina langa. Msewu wonsewu wavala zosoka zanga, maukwati, maliro. Akufuna anthu azindiloza? Mwamuna wamkulu, wa ana, kuvula pagulu chonchi? Ngati panali kanthu, bwanji osanena nthawi imeneyo?

"Ndinkathawa, bambo. Kunena kwake kunali komweko."

Ndati asandiyankhe. Ndati kunamizira munthu wamkulu ngati Manzere ndi tsoka. Iye: "Ine sindinatchule munthu. Mwamutchula ndinu." Akuti pali amuna ena atatu amene anadutsa pagalaja pomwepo, mmodzi anadzimangirira chaka chatha. Ameneyo ndikumudziwa. Ndinamusokera suti ya ukwati.

Filimu aionetsa Loweruka la pa 23, muholo ya pafupi ndi msika. Wandisungira mpando kutsogolo. "Mukabwera ndidziwa. Mukapanda kubwera ndidziwanso." Sanatsanzike.

Lamulungu, 17 Ogasiti
Sindinapite kutchalitchi. Manzere amakhala benchi imodzi ndi ine.

Lachitatu, 20 Ogasiti
Ndadzera kugalaja, ngati wopita kukagula ulusi. Anyamata awiri atsopano pansi pa lole. Miyendo yokhayokha, yowonda. Wailesi ikulira mokweza. Ndaima tsidya la msewu mpaka wogulitsa nthochi wandifunsa ngati ndadwala.

Sindinadwale.

Lachinayi, 21 Ogasiti
Manzere wabwera wopanda dirafuti. Wakhala pa mpando wa makasitomala, chipewa pa bondo, mawu ofewa ngati a m'busa. Wamva zonse, msewu uno subisa kanthu. "Ana a masiku ano mafilimu awazunguza mitu, achimwene. Mwana wathuyu mumulangize. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu, amamanga nazo." Mwana wathu. Wandikumbutsa za maliro aja, za makina anga amene anawotcherera ulere.

Akuti iye alibe chobisa, Loweruka apita nawo. Adzanditenga pagalimoto, tikalowe limodzi, tikakhale limodzi kutsogolo. "Anthu akaone kuti ine ndi inu ndife amodzi. Akatero nkhani yatha." Potuluka wandigwira phewa. Dzanja lolemera, lofunda.

Ndinangoti ndamva. Ine, amene sindinasowepo chomuyankha munthu.

Lachisanu, 22 Ogasiti
Mpongozi waimba foni. Akuti mwamuna wake sakudya, akungokonzakonza mipando muholo. "Bambo, musamusiye yekha mawa." Ndati ine sindiuzidwa zochita ndi ana. Ndadula.

Shati yoyera ndasita. Sindinaganize chilichonse, ndangosita.

Loweruka, 23 Ogasiti
Shopu sindinatsegule. Makatani otseka. Nsapato ndavala.

Galimoto ya Manzere yafika kale, isanakwane nthawi. Hutala. Ndikuona pakampata ka katani: wavala tayi, watsegula chitseko cha mbali yanga.

Holo ili kutali kwa bondo ili. Ndikafika filimu itayamba, anthu onse adzacheuka, adzandiona ndikutsimphina mpaka kutsogolo. Acheuke.

Hutala yasiya. Akugogoda. "Achimwene."

Agogode. Ine ndidzera khomo lakumbuyo.